Akufuna nambala ya LUCID kuti ndizigulitsa ku Germany, nditani?

Funso lachokera kwa mayi wina amene amakhala ku Leeds. Akuti: "Ndimasoka madiresi, zikwama ndi maduku a chitenje, nsalu ndimaitanitsa kumudzi. Ndimagulitsa pa Etsy ndi eBay, makasitomala ambiri ndi a konkuno ku UK koma pamwezi maoda 25 kapena 30 amapita ku Germany ndi France. Ndalandira uthenga woti ndiike nambala ya LUCID apo bii katundu wanga asiya kuoneka ku Germany. Mnzanga wina akuti zimenezo ndi za makampani akuluakulu ndingozitaya, wina akuti bola ndingosiyiratu kutumiza ku Europe. Zoona ndi ziti?"

Mayi, anzanu onse awiri musawamvere. Woyambayo akulakwitsa zenizeni, chifukwa lamulo la ku Germany lilibe malire oti ukagulitsa zochepa chonchi ndiye wapulumuka ayi, ngakhale phukusi limodzi lokha pachaka lamulo lakukhudzani kale. Wachiwiriyo akungoopa, ndipo maoda 30 pamwezi si ndalama yoti munthu nkuitaya chifukwa cha fomu yomwe mutha kuimaliza madzulo amodzi mutatha kudya nsima.

Tiyambe ndi chimene akufunacho: LUCID ndi kaundula wa ku Germany wolembetsamo ogulitsa katundu wokutidwa. Ku Germany kuli lamulo la zokutira katundu lotchedwa Verpackungsgesetz, linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, koma ganizo lake ndi lakale, linayamba mu 1991 nthawi imene Klaus Töpfer anali nduna ya zachilengedwe. Ganizo lake ndi loti amene wabweretsa katoni kapena pulasitiki m'dziko ndi amene alipire mtengo wotolera ndi kukonzanso zinyalalazo, osati khonsolo kapena olipira misonkho. Nchifukwa chake ku Germany nyumba zimakhala ndi thumba kapena bini yachikasu ya mapulasitiki ndi zitini, bini ina ya mapepala, ndipo galimoto yodzatenga zachikasuzo ndalama yake imachokera kwa ogulitsa katundu. Zili ngati tikiti ya msika kwathu, ukayala tomato wako pansi a khonsolo amabwera ndi kalisiti, safunsa kuti wagulitsa milu ingati, iwo amati wayala ndiye zinyalala uzisiya ndithu, lipira tisese. Kusiyana kwake nkoti uku amawerengera pa kilo.

Pamene anthu ambiri amasokonezekera ndi pa funso loti wolipira ndani. Mumva munthu akuti ine katoni sindipanga, ndimagula, ndiye alipire a fakitale. Ayi. Lamulo limayang'ana munthu woyamba kulowetsa chokutira chokhala ndi katundu mkati mwake pamsika wa ku Germany. Inu mukatenga diresi, mwaipinda, mwaiika mu jumbo, mwaika mu katoni, mwamata tepi nkutumiza kwa kasitomala ku Hamburg, woyamba uja ndinu. Zilibe kanthu kuti mulibe ofesi ku Germany, simunapondeko, Chijeremani simuchidziwa. Zilibenso kanthu kuti malondawo adutsira pa Etsy, Etsy si imene yalongedza.

Ndipo amawerenga chilichonse chimene kasitomala adzataye akatsegula phukusi. Katoni, envulopu, jumbo yotumizira ija ya imvi, tepi, pepala lofewa lokulungira diresi, bubble wrap, kachingwe kapena riboni komangira, lebulo ya adilesi, katagi kolendewera pa chikwama, zonsezo. Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi la makatoni akale, munthu amati ine ndimatola makatoni ku shopu yapafupi ndiye ndikuthandiza kale chilengedwe bwanji ndilipirenso. Kutola makatoni nkwabwino musasiye, koma katoni yomwe mwatola ku Leeds palibe anailipirirapo ku Germany, ikakafika uko ndi chinyalala chatsopano m'bini mwawo. Chokutira chakale chimakhululukidwa pokhapokha mutakhala ndi umboni woti chinalipiridwa kale ku Germany komweko, ndipo umboni umenewo kwa inu kulibe, ndiye ingowerengerani basi.

Tsopano zochita zake zilipo zitatu ndipo anthu amachita choyamba chokha nkumaganiza kuti amaliza, apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse.

Choyamba ndi kulembetsa mu LUCID. Iyi ndi kaundula wa pa intaneti woyendetsedwa ndi bungwe la Zentrale Stelle Verpackungsregister lomwe lili ku Osnabrück. Kulembetsa ndi kwaulere, webusaiti yake ili ndi Chingerezi, amafuna dzina lanu kapena la bizinesi, adilesi, nambala ya msonkho, mayina a malonda amene ali pa katundu wanu ndi mtundu wa zokutira zimene mumagwiritsa ntchito. Mukamaliza amakupatsani nambala yoyamba ndi DE, imeneyo ndi imene msika wa pa intaneti, Etsy kapena eBay, ukufunsa. Kulembetsaku lamulo limati muchite nokha, osati agent, ndiye munthu akakuuzani kuti mundipatse mapaundi 200 ndikakulembetsereni mu LUCID dziwani kuti akukugulitsani chinthu chaulere chomwenso iye saloledwa kukuchitirani. Zina zonse zotsatira mutha kupatsa wokuimirani ngati mukufuna, koma ichi chokha ndi dzanja lanu.

Chachiwiri ndiye chodya ndalama. LUCID simatola zinyalala, imangosunga mayina. Otola ndi makampani amene amawatchula kuti dual system, alipo angapo ndipo amapikisana mitengo, monga Der Grüne Punkt, Landbell, Interzero Recycling Alliance (kale Interseroh+) amene ali ndi shopu ya pa intaneti ya Lizenzero, Reclay, BellandVision, Noventiz, Zentek. Mumasankha imodzi, mumalemba makilo a mapepala ndi makilo a pulasitiki amene mukuyembekeza kutumiza ku Germany chaka chimenecho, mumalipira, amakupatsani satifiketi. Kwa munthu wa maoda ngati anu ndi mayuro makumi ochepa pachaka, nthawi zambiri chimene mumalipira ndi mtengo wotsikitsitsa umene kampaniyo inaika osatinso makilo anuwo, nchifukwa chake ndi bwino kuyerekeza makampani awiri atatu musanadine. Layisensi imayenda ndi chaka cha kalendala, ndiye ngati mukulembetsa pakati pa chaka muphatikize zonse zomwe mwatumiza kuyambira Januwale.

Chachitatu ndi kubwereranso mu LUCID nkukalemba dzina la kampani imene mwasankha ndi makilo omwe aja. Manambala akuyenera kufanana ndendende, mukauza kampani makilo 22 mu LUCID musalembe 20, chifukwa mbali ziwirizi zimayerekezedwa. Chaka chikatha mumalembanso makilo enieni amene anapitadi, ngati mwapyola mumaonjezera ndalama. Pali chinthu china chotchedwa Vollständigkeitserklärung chofuna auditor, mukachiona musaope, chimayamba pa makilo 50,000 a mapepala, 80,000 a magalasi kapena 30,000 a pulasitiki ndi zitsulo pachaka. Inu simuli pafupi nkomwe.

Makilowo mungawadziwe bwanji? Sikelo ya kukhitchini ija yoyezera ufa wa mandasi ndi yokwanira. Tengani phukusi limodzi la mtundu uliwonse, chotsani katundu, yezani za pepala pazokha za pulasitiki pazokha. Tinene kuti theka la maoda anu 30 limapita ku Germany, ndiye mapukusi 180 pachaka. Ngati katoni ndi pepala lokulungira zikulemera magalamu 120, ndiye makilo pafupifupi 22 a mapepala. Jumbo ndi tepi zikakhala magalamu 20, ndiye makilo osakwana 4 a pulasitiki. Basi, nkhani yonse imene yakusowetsani tulo ndi imeneyi. Lembani manambalawo mu kope kapena pa spreadsheet, ndipo mwezi uliwonse muzilemba mapukusi angati apita dziko liti, chifukwa mukadzafuna kuwerenga mu Disembala mutu udzakupwetekani. Mudzaonanso nokha pa calculator ya makampaniwa kuti kilo ya pulasitiki ndi yodula kangapo kuposa kilo ya pepala, anachita dala.

Mwina mukudabwa kuti lamulo la 2019 bwanji uthenga ukubwera pano. Zaka zoyambirira ogulitsa akunja ambiri ankangozemba, a ku China, a ku UK, a ku America, palibe amene akanawathamangitsa, ndiye ogulitsa a ku Germany ankadandaula kuti ife tikulipirira zinyalala za anzathu. Boma linasintha njira, kuyambira pa 1 Julaye 2022 msika wa pa intaneti suloledwa kulola munthu kugulitsa ku Germany ngati sanalembetse ndi kulowa mu dual system, chimodzimodzi makampani osunga ndi kutumiza katundu m'malo mwa ogulitsa. Ndiye misikayo ikudziteteza yokha, sikuti ikukuzondani. Chindapusa m'lamulomo chimafika mayuro 100,000 kwa osalembetsa ndi 200,000 kwa osalowa mu dual system. Kunena chilungamo sindikuona boma la Germany likutsata mayi wosoka maduku ku Leeds ndi chindapusa chotere, chimene chingakuchitikireni msanga ndi kutsekeredwa malonda, komanso china chimene anthu sachidziwa, kaundula wa LUCID ndi wapoyera, aliyense atha kusaka dzina lanu, ndipo ku Germany wopikisana naye pa malonda amaloledwa kukutumizirani kalata ya loya yotchedwa Abmahnung yokuuzani kuti musiye komanso mulipire loyayo. Imeneyo ndiyo imaluma ogulitsa ang'onoang'ono.

Chinanso, musabwereke nambala ya mnzanu. Ndikudziwa m'magulu a WhatsApp anthu amapatsana, eti ingoika yangayi idutse. Dzina ndi nambala ya msonkho zili mu LUCID zimayerekezedwa ndi za pa akaunti yanu yogulitsira, zikasiyana ikanidwa, ndipo mnzanuyo mwamuika m'mavuto chifukwa makilo anu sali mu ripoti lake.

Ku France ndiye nkhani ina, nambala ya LUCID kumeneko ndi yopanda ntchito. Ichi ndi chimene chimatopetsa pa nkhani yonseyi, Europe ndi msika umodzi pa zambiri koma pa zinyalala dziko lililonse lili ndi kaundula wake, mabungwe ake, mitengo yake. France ili ndi lamulo la AGEC la mu 2020, ndipo kuyambira Januwale 2022 misika ya pa intaneti inapatsidwa udindo pa ogulitsa ake. Kumeneko simuyamba ndi kaundula ayi, mumayamba kulowa bungwe lotolera zokutira, lodziwika kwambiri ndi Citeo, palinso Léko, ndiye bungwelo ndi limene limakakutengerani nambala yotchedwa identifiant unique ku ADEME, nthambi ya boma yoona zachilengedwe. Ogulitsa zinthu zosakwana 10,000 pachaka ali ndi njira yachidule yolipira mtengo umodzi osawerenga chimodzichimodzi.

Koma inu mumagulitsa zovala, ndipo apa France inapita patali kuposa Germany. Kumeneko zovala, nsalu za m'nyumba monga za patebulo ndi pabedi, ndi nsapato zili ndi dongosolo lakelake, bungwe lake ndi Refashion, nambala yakenso ndi ina. Ndiye diresi imodzi ya chitenje yopita ku Lyon ikufuna manambala awiri, ina ya katoni ina ya diresiyo. Pamwamba pa izo amafuna chizindikiro cha Triman, kamunthu kokhala ndi mivi itatu, pamodzi ndi kachithunzi kouza kasitomala bini yotayamo chinthu chilichonse, mafayilo ake bungwe limene mwalowa limakupatsani, mutha kusindikiza pa sitika nkumamata. Ndipo samalani ndi mawu okometsera malonda, lamulo la AGEC limaletsa kulemba pa katundu kapena pa chokutira kuti ndi biodegradable kapena kuti nchosaononga chilengedwe. Ogulitsa ambiri a pa Etsy amagula majumbo olembedwa kale mawu amenewo poganiza kuti akuchita bwino, kwa kasitomala wa ku France gulani osalembedwa. Misika ina, monga Amazon, ku France imatha kukulipirirani nkudula ndalamayo pa malonda anu ngati simunapereke nambala, koma musaganize kuti msika uliwonse umatero, werengani za msika umene mukugwiritsa ntchito.

Apa ndiye pakubwera uphungu wanga weniweni. Pa shipping settings panu mwina munangodina Europe yonse, kapena dziko lonse lapansi, monga ambiri amachitira tsiku lotsegula shopu. Kazimitseni. Tsegulani maoda anu a chaka chathachi muone maiko amene akubweretsadi ndalama. Germany ndi yosavuta komanso yotchipa, lembetsani sabata ino. France iwerengereni, ngati phindu la maoda ake pachaka likuposa bwinobwino ndalama za mabungwe awiri aja ndi nthawi yanu, lowani. Koma Austria mwachitsanzo, kuyambira Januwale 2023 wogulitsa wakunja wotumiza mwachindunji kwa makasitomala akuyenera kukhala ndi womuimira wokhala m'dziko momwemo, wopatsidwa mphamvu ndi chikalata chotsimikizidwa, ndipo womuimirayo amalipidwa chaka ndi chaka. Spain nayo, ndi Royal Decree 1055 ya mu 2022, imafuna kulembetsa ndi womuimira. Ngati ku Vienna mumagulitsako maduku atatu pachaka, ndalama ya womuimira yokha idya phindu lonse nkupitirira. Tsekani dzikolo mpaka tsiku limene makasitomala adzachuluke. Kutero si kugonja, ndi masamu. Chimene ndimakana ine ndi kutseka Germany pamodzi ndi Austria ngati kuti vuto lake ndi limodzi.

Za konkuno ku UK musade nazo nkhawa panopa. Kuli dongosolo lake la zokutira koma limayamba kukhudza bizinesi yopanga ndalama zopitirira mapaundi 1 miliyoni pachaka yomwenso imagwiritsa ntchito matani opitirira 25 a zokutira, ndipo msonkho wa pulasitiki umene unayamba mu Epulo 2022 umayambira pa matani 10. Mwina mnzanu woyamba uja anamva zimenezi nkuganiza kuti ku Germany nkomwemonso.

Kutsogoloku zinthu zikulimba osati kufewa. European Union inakhazikitsa lamulo latsopano la zokutira, Regulation 2025/40, ambiri amangoti PPWR, linalowa m'mabuku mu Febuluwale 2025 ndipo zambiri zake tsiku loyambira ndi 12 Ogasiti 2026. Limeneli ndi la maiko onse a EU nthawi imodzi, likubweretsa udindo wa misika ya pa intaneti woyang'ana ogulitsa ake m'dziko lililonse, osati Germany ndi France zokha, komanso nkhani ya womuimira ikufalikira. Kulembetsa kukhalabe dziko ndi dziko, pamenepo sanatithandize. Muli gawo lina limene ine ndimagwirizana nalo kwathunthu, loti pofika 2030 phukusi la malonda a pa intaneti lisakhale ndi malo opanda kanthu opitirira theka, ndipo bubble wrap ndi mapepala odzazira amawerengedwa ngati malo opanda kanthu. Aliyense amene analandirapo kabotolo kamodzi mu katoni yoti mwana nkugonamo akudziwa chifukwa chake.

Kwa inu izi ndi mwayi chifukwa chitenje sichisweka. Duku silifuna katoni, envulopu yolimba ya pepala yakwana. Diresi mutha kuikulunga ndi pepala limodzi lofewa nkuiika mu thumba la pepala lotumizira, tepi gulani ya pepala. Mukatero phukusi lonse ndi mtundu umodzi, kasitomala aponya mu bini imodzi, ripoti lanu likhala la mzere umodzi, sitika ya ku France ikhala imodzi, ndipo positi itsika mtengo chifukwa phukusi lopyapyala limalowa gulu lotchipa. Pewani maenvulopu aja a pepala kunja bubble wrap mkati omatidwa pamodzi, savuta kugula koma ndi ovuta kukonzanso ndipo pa ripoti amasokoneza. Mantha a mvula ndi omveka, katundu wodula monga diresi ya ukwati muikeni mu jumbo imodzi yoyera mkati, ingoiwerengerani, palibe akuletsani pulasitiki, akungoti mulipirire.

Mwati nsalu mumaitanitsa kumudzi. Katoni yaikulu imene imabwera kwa inu ku Leeds ndi nkhani ya UK, Germany sikukhudzidwa. Koma tsiku lina mukadzaganiza zoti achemwali anu azisokera ku Blantyre nkumatumiza okha kwa kasitomala ku Berlin pa dzina la shopu yanu, wogulitsa ndinube, makilo amenewo alowe mu ripoti lanu, ndipo muwauze aziyeza zimene akulongedzera chifukwa kwathu timakonda kuzunguliza tepi katoni yonse mpaka osaoneka khungu. Kumbukiraninso kuti Malawi ili ndi lamulo lake la mu 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60, lomwe Supreme Court inaligamula kuti ndi lovomerezeka mu 2019, ndiye majumbo opyapyala aja asakhale mbali ya malongedzedwe anu kumeneko. Mukadzakula mpaka kutumiza pa mapaleti kapena mabokosi a matabwa, matabwawo amafuna chidindo cha ISPM 15 chosonyeza kuti anatenthetsedwa kapena kuthiridwa mankhwala ophera tizilombo, ngakhale pakati pa UK ndi EU chidindochi chikufunika kuyambira 2021.

Pomwe muli mu settings momwemo muyang'anenso gawo la GPSR, lamulo la chitetezo cha katundu lomwe linayamba pa 13 Disembala 2024. Si la zokutira koma limafuna kuti katundu wogulitsidwa kwa anthu a ku EU akhale ndi munthu kapena kampani yokhala mu EU yoyankhapo, dzina ndi adilesi yake zioneke pa katundu kapena pa phukusi ndi pa listing. Ndalitchula chifukwa limafunanso malo pa lebulo yanu, ndiye musanasindikize masitika 500 a Triman dziwani kaye zonse zofunika kulembedwa kuti musindikize kamodzi. Pomaliza, mukalembetsa mu LUCID nambala imabwera pa imelo, koma msika umatenga masiku angapo kuti uitsimikize, ndiye ikani dzina ndi adilesi mofanana ndendende ndi mmene zilili pa akaunti yanu yogulitsira, ngakhale Ltd kapena kadontho kosowa kamatha kubweza fomu.